Mbuzi Imene Ndinabisira Makina

Lolemba, 9 Juni

Andigoneka. Ine Ezekiel Njobvu wa ku Chelstone, amene ndakalamba osadziwa kuti denga la chipatala limaoneka bwanji, lero ndalidziwa. Lili ndi banga ngati chikopa cha ng'ombe.

Ndikulemba ndekha. Kusukulu sindinapondeko, ndipo mpaka lero sindinaone chimene ndinataya. Zilembo anandiphunzitsa malemu mkazi wanga Helen, m'buku la nyimbo, ndili kale ndi ndevu. Amene aone kuti zapendama apendeketse mutu.

Thupi limatentha madzulo, kukacha lazizira, ngati likusewera nane. Thukuta mpaka kunyowetsa bulangete. Msana ndi mawondo sizanganso. Andibaya chala, akuti si malungo.

Wandibweretsa ndi mpongozi wanga Barbara, mkazi wa mwana wanga Clive, poti Clive ali pamsewu wa ku Nakonde ndi lole. Ndinakana kukwera galimoto. Iye anati, "Ba Tata, mukakana nizaitana ba abusa, babwele bakunyamuleni pamaso pa bantu." Ndinakwera.

Nkhawa yanga si thupi. Ndi Charlotte. Charlotte ndi mbuzi yanga ya mkaka. Helen anaitcha dzina la dona amene ankamugwirira ntchito kale, chifukwa onse awiri amakuyang'ana akutafuna. Akhonsolo salola mbuzi m'mayadi mwathu, choncho Charlotte amakhala kuseri, m'kachipinda kamene mlendo akafunsa timati ndi bafa. Pa katundu yense amene Helen anandisiyira, wopuma ndi yekhayo.

Lachiwiri, 10 Juni

Atidzutsa kusanayere kuti atipime kutentha. Phala lake ukhoza kuonamo nkhope.

Kwabwera dokotala, mtsikana, dzina lake Mukuka. Anandilonjera m'Chibemba: "Mulishani, ba shikulu?" Ndinamuyankha m'Chinyanja kuti adziwe kumene ndaima. M'manja ananyamula kathabwa kagalasi kolankhula. Akuti ndi makina a nzeru zochita kupanga. Amafunsa wodwala, amayerekeza ndi za odwala ena a m'makiliniki, za ziweto ndi za madzi, kenako amanong'oneza dokotala matenda amene angakhale. Woweruza ndi dokotala. Ine ndawatcha Kafunsefunse.

Mawu ake ndi a mzimayi, Chinyanja chake cha m'Baibulo. "Agogo, madzi mumatunga kuti?" Ndinati ndilibe mdzukulu wagalasi. Anapepesa, nkuyamba kuti a Njobvu. Ulemu ali nawo, sindinama.

Madzi ndinayankha. Chimbudzi ndinayankha. Kenako:

"Kodi pakhomo panu pali ziweto?"

"Palibe."

"Ngakhale nkhuku kapena mphaka?"

"Ngakhale nsabwe."

"Kodi mumamwa mkaka wosawiritsa?"

"Mkaka ndi wa makanda."

Munthu suuza mlendo za khola lako, nanji mlendo wa boma amene saiwala. Lero kumva makina, mawa kumva akhonsolo, mkuja Charlotte ali m'poto wa munthu wina.

Kafunsefunse wati mwina ndi taifodi. Andiika dilipi kudzanja lamanzere, ndi jakisoni wolowera momwemo m'mawa ndi madzulo. Kutentha 39. Ophunzira anapanga makina, wosaphunzira wawagoneka ndi mawu awiri. Ndagona wokondwa.

Lachitatu, 11 Juni

Pabedi la kumanja abweretsa munthu watsopano. Nditatembenuka, ndinawazindikira. Ndi ba Chabala a ku Woodlands, amene anali mkulu wowerengera ndalama ku kampani. Loweruka lililonse amaimitsa galimoto patali ndi geti langa, nkubwera wapansi ndi botolo m'jekete. Wina anawauza kuti mkaka wa mbuzi wosawiritsa umabwezera mwamuna unyamata. Akazi awo sadziwa.

Nawonso ndi thukuta, msana, mawondo.

Tinapatsana moni ngati anthu okumana m'basi. Anamwino atachoka anati, "Ba Njobvu, ise sitizibana."

Ndinati, "Ndinu ndani kodi?"

"Ija mashini inanifunsa za mukaka."

"Munati chiyani?"

"Ninati nimamwa chabe juwisi."

Tagwirana chanza pansi pa mabedi.

Kumanzere kuli mnyamata wa minibasi wothyoka mwendo amene amaitanira anthu a ku Kabwata ali m'tulo.

Lachinayi, 12 Juni

Barbara wabwera ndi mbatata, ifisashi (ndiwo zotendera za kwawo kwa Abemba) ndi fulasiki. Ndinamulamula kuti mkaka wa Charlotte uzibwera monga watulukira, usaone moto. Moto umapha mphamvu. Tagawana ndi ba Chabala m'makapu a mankhwala, chinsalu chili chotseka. Ndinati, "Imvani mafuta akewo. Wa m'sitolo ungafike apa?" Ba Chabala anatseka maso nkuvomera.

Barbara akuti Charlotte akudya bwino, koma wamuponda kawiri pomukama. Ndinati akame akuimba nyimbo ya Helen, ija ankamuimbira pokama. Akuti Charlotte sakonda mawu a Chibemba.

Ndilembe chinthu chimene pakamwa sindinganene. Barbara chitenje wayamba kumangira m'mwamba, ndipo m'chikwama chake ndinaonamo dothi lija amagula pamsika. Maso ndili nawo. Akhala nthawi yaitali akudikira, iye ndi Clive. Koma mwamuna salankhula za pakati ndi mkazi wa mwana wake. Kwathu ku Katete ngakhale kumuyang'ana kumaso sindikanayenera. Tauni yatisakaniza, koma pamenepo pokha sindidumpha. Ndinangoti asamanyamule ndowa yodzaza. Iye anati, "Chifukwa?" Ndinati ndowa zadula.

Lachisanu, 13 Juni

Kutentha 39 ndi theka. Asintha dilipi kupita kumanja. Cholembera chikulemera.

Loweruka, 14 Juni

Ndinaona Helen ataima pakhomo la wodi ndi chingwe cha mbuzi. Anali mayi wokolopa.

Lamulungu, 15 Juni

Lero ndapepukidwa. Abwera a mpingo, aimba mpaka wa minibasi analira. Andisiyira malalanje okwana sukulu yonse.

Pakati pawo panali ba Ng'andu a ku Kabulonga, mkulu wa mpingo mnzanga, amene anali munthu wamkulu m'boma. Kuseri kwa mpanda wawo wa waya wamagetsi amasunga tonde wachizungu, makutu ngati masamba a fodya, dzina lake Bwanamkubwa. Ife a mbuzi zobisa timabwereka tondeyo. Amabwera m'buti ya takisi, amakhala masiku angapo, amapita kwina. Mbuzi ikaswa, mwana mmodzi ndi wa mwini tonde. Palibe cholembedwa, ndi ulemu chabe. Kwa ine anabwera mvula ili pakati. Wazungulira Chelstone, Avondale mpaka Kabwata, kuposa phungu.

Ena akupemphera, ba Ng'andu anawerama ngati akundiikira dzanja. "Namvela muli mashini yofunsa maningi muno. Bwanamkubwa musamutchule."

Ndinati sindinatchule ngakhale wanga.

"Mwachita bwino. Ise tikadwala tiyenda ku pulaiveti. Mu mashini ya boma sitingenamo. Ija ni ya bantu ba mu komboni."

Ndinati amen pamodzi ndi ena. Koma mawu oti komboniwo sindinawaiwale. Nyumba yanga ndi ya njerwa, ndinamanga ndi manja awa.

Lolemba, 16 Juni

Dokotala Mukuka wabwera nkhope ili gwa. Akuti mankhwala a taifodi sakugwira, kwa ine ngakhale kwa ba Chabala. Anaima pakati pa mabedi athu nkuimika Kafunsefunse patebulo.

Kafunsefunse anati waona anthu ena m'makiliniki a ku Chelstone, Avondale ndi Kabwata odwala mofanana ndi ife. Anati zikufanana ndi nthenda yotchedwa bulusela, yochokera ku mbuzi ndi ng'ombe, yolowera mu mkaka wosawiritsa kapena m'manja mwa wogwira chiweto. "Koma odwala onse anena kuti alibe ziweto ndipo samwa mkaka. Choncho mwina ndalakwitsa."

Ba Chabala anayamba kuwerenga chikwangwani cha pakhoma chonena za kusamba m'manja.

Dokotala anati, "Ba shikulu, palibe chamene mwaibala?"

Ndinati pa msinkhu wanga munthu amaiwala zambiri, koma mbuzi sangaiwale.

"Nani wakamba mbuzi?"

Ndinati makinawo.

Ndiye Kafunsefunse, osafunsidwa, anapitiriza. Akuti chizindikiro chake pa mbuzi ndi kutaya bere. Akuti zotayidwazo zikaponyedwa poyera, agalu ndi madzi a mvula amazimwaza. Akuti mayi woyembekezera akamakama mbuzi yotere kapena kumwa mkaka wake, naye akhoza kupita padera.

Charlotte anataya bere mu Epulo. Ndinatola ndi manja anga, nkuponya mu ngalande ya kuseri, imene imatsikira kumadimba kumene amayi amalima repu.

Atenga magazi m'mabotolo awiri. Nsima ya madzulo ndapatsa wa minibasi.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndinatuma namwino kuti aitane dokotala pamodzi ndi katundu wake.

Ndinati, "Mwana wanga, tisanayambe. Chimene amva makinawa, amamvanso ndani?"

Anati iye, a zaumoyo, ndi adokotala a ziweto ngati ndavomera kuti afike pakhomo. Akhonsolo ogwetsa makola ayi. Ndinati makinawo alumbire. Kafunsefunse anati kulumbira sangathe, koma akhoza kundiwerengera maina a maofesi amene adzaone. Anawerenga. Chinthu chokana kulumbira ndinayamba kuchikhulupirira pang'ono. Onama onse amene ndawadziwa amayamba ndi kulumbira.

Ndinati andionetse kumene kuli odwala. Pagalasi panabwera Lusaka yense, timadontho tofiira ku Chelstone, ku Avondale, ku Kabwata. Ndinati, "Apa poyera ngati kolala ya abusa ndi pati?"

"Kabulonga."

"Kumeneko sadwala?"

Dokotala anakanda m'mutu. Anati makinawo amamva za anthu opita ku makiliniki a boma. Za ku pulaiveti zambiri siziwafika. Anati nkhaniyo imamuvutitsa nayenso, ndipo anaidandaula kale kwa akuluakulu.

Ndinati, "Ndiye galu wanu amauwa nyumba zopanda mpanda zokha. Mawa a ziweto adzatola mbuzi za amphawi, mwini nthenda ali phee kuseri kwa waya wamagetsi."

"Ba shikulu, chamene simunaiuze siingazibe. Imwe munaiuza ati mulibe na nsabwe."

Apo anandigwira. Ndinakhosomola pang'ono.

Ndinati ndinena, koma alembe onse kapena asalembe aliyense. Ndinanena za Charlotte, za bere, za ngalande. Ndinanena za Bwanamkubwa ndi makomo onse amene takisi inamutsitsa. Kafunsefunse anafunsa kuti tondeyo anagulitsidwa kangati. Ndinati sagulitsidwa, amabwerekedwa. Mu mafunso ake munalibe malo a tonde wobwereka, moti dokotala anachita kulemba ndi chala. Kafunsefunse anathokoza, nati funsolo aziwafunsanso ena. Pamenepo ba Chabala anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu. "Ija juwisi ninakamba, inali yoyela."

Kenako ndinapempha chinthu chovuta. Ndinati Barbara akabwera, makinawo amuuze zija za amayi. Dokotala anati bwanji osamuuza ndekha. Ndinati iwe ndiwe Mubemba wa m'tauni, sungamve. Makina alibe mpongozi.

Barbara anafika masana ndi fulasiki. Ine ndinatembenukira kukhoma nkufunda bulangete mpaka kumutu. Kafunsefunse ananena zonse bwinobwino, mawu amene ine sindingatchule. Kenako ndinamva Barbara akuseka, kuseka kwa munthu amene misozi ili pafupi.

"Ba Tata, mwaziba liti?"

Ndinauza khoma kuti sindikudziwa kanthu.

"Mukaka sinimwa, ununkha. Na uja wa mu fulasiki ni wa mu shopu. Charlotte anakana kunipasa kuchokela pa Chitatu, ninayopa kukuuzani."

Ba Chabala anati, "Uja wa mafuta?"

Ndinati pakamwa pa wodwala sipazindikira kanthu.

Komabe anamukama masiku angapo ndi manja, ndipo ndi iye amakolopa m'kachipindamo. Amutenga magazi. Ndamuuza, kudzera kwa dokotala, kuti asayandikirenso kuseri.

Lachitatu, 18 Juni

Magazi anga ndi a ba Chabala abwera. Ndi buluselayo. Achotsa dilipi. Tsopano ndi kapisozi wotchedwa dokisi, m'mawa ndi madzulo, ndi madzi ambiri, osagona pansi ukangomeza. Ndi ena ofiira otchedwa rifampisini, m'mimba muli mopanda kanthu. Milungu isanu ndi umodzi osadumphitsa. Akuti dokisi sagwirizana ndi mkaka. Ndani akugwirizana nawo masiku ano?

Za Barbara sizinabwere. Sindinafunse. Ndinangofunsa namwino katatu ngati ku labu kuli magetsi.

Lachinayi, 19 Juni

Mkodzo wafiira ngati Fanta. Ndinaitana namwino kuti aitane abusa. Akuti ndi mankhwala ofiira aja, ndipo anandiuza dzulo. Mwina anauza bulangete.

Mayi Chabala amva zonse. Anakhala pampando nkufunsa amuna awo mofatsa, wodi yonse ikumva, kuti unyamata umene ankagulawo unkapita kuti, poti kunyumba sunafike. Wa minibasi anaseka mpaka chitsulo cha mwendo wake chinalira.

Lachisanu, 20 Juni

Ba Ng'andu aimba pa foni ya Barbara. Moni sanapereke. Akuti ndawachititsa manyazi, a ziweto afika pageti pawo ndi galimoto ya boma anthu akuona. Akuti Bwanamkubwa ali ndi mapepala a ku famu, sangadwale nthenda ya mbuzi za m'bafa. Akuti geti satsegula, ndipo nkhaniyi ikafika ku bungwe la akulu a mpingo.

Ndinati ikafike. Ndikafotokoza ndekha mmene tonde wa mkulu wa mpingo amagonera nyumba zosiyanasiyana.

Anadula.

Dokotala wa ziweto, mnyamata wamtali dzina lake Kalenga, anabwera kudzandiona. Watenga magazi a Charlotte ndi a mbuzi za makomo onse ndinatchula. Anthu poyamba ankabisa, wina anaika mbuzi m'chimbudzi nkumati ndi mlamu wake akudwala m'mimba. Atamva kuti si akhonsolo anatulutsa. Ngalande ija athiramo mankhwala, amayi a kumadimba awachenjeza. Ndinafunsa za Kabulonga. Anati lamulo la matenda a ziweto silifunsa kutalika kwa mpanda, abwererako.

Tiona. Ndakhala mu Lusaka muno kuyambira Cairo Road ili ndi mitengo yaifupi.

Loweruka, 21 Juni

Barbara alibe nthenda. Dokotala anandiuza ali chiimire pakhomo, kenako anauza Kafunsefunse kuti anenenso, poti ine nkhani zotere ndimamvera kwa makina. Mtsikanayu ndi wamwano. Ndamupatsa malalanje.

Ndadya nsima yonse, ndi ya ba Chabala theka.

Lolemba, 23 Juni

Charlotte ali nayo. Kalenga akuti mbuzi sichira nthendayi, imangopatsira ena. Ayenera kumutenga, ndipo nyama yake sidyedwa.

Ndinati ndamva. Ndinapempha kuti adikire ndituluke.

Kamsoti kake ka chaka chatha, kamene ndinakapititsa kwa mlongo wa Barbara ku Chunga katadya kabudula wa aneba pachingwe, kalibe kanthu. Kanachoka tonde asanabwere. Umbava unakapulumutsa.

Lero sindilemba zambiri.

Lachiwiri, 24 Juni

Kutentha 37. Akuti mawa ndituluka.

Kalenga waimba. Bwanamkubwa ali nayo, ndipo pa mbuzi zonse zodwala palibe imene iye sanaichezere. Geti anatsegula ndi mayi Ng'andu, amuna awo ali kosamba. Akuti fungo la tondeyo linawalanda alendo kwa zaka zambiri, ndipo anagwira okha miyendo yakumbuyo. Wantchito wawo wa m'dimba, amene wakhala akutentha thupi chiyambire Isitala nkumangopatsidwa panado, amugoneka wodi ya pafupi ndi yathu.

Ndinapempha kuona mapu. Pa Kabulonga pali kadontho kofiira. Kamodzi, koma kakuoneka.

Kafunsefunse anati, "Tsalani bwino, a Njobvu." Ndinati wopita ndine, iwe ndiye utsale. Ndinamuuzanso kuti akamafunsa nkhalamba za ziweto, aziyamba wanena amene adzamve ndi amene sadzamva, asanafunse. Dokotala analemba. Ba Chabala atsala, msana wawo ukadali. Akuti ndikapeza china chobwezera unyamata ndisawauze.

Lachinayi, 26 Juni, kunyumba

A ziweto abwera m'mawa, dzuwa litangofika pa mapapaya. Ndinavala jekete la ku tchalitchi.

Ndinalowa m'kachipinda ndi magolovesi amene Kalenga anandipatsa. Charlotte anandiyang'ana akutafuna. Ndinamuimbira vesi limodzi la nyimbo ya Helen, motsitsa, kuti aneba asamve. Anadya batani la jekete langa. Ndinamusiya adye.

Kunja kunali galimoto ya boma yotsegula kumbuyo. Ndinasuzumira. Munali mbuzi ya mayi wa ku Avondale, ziwiri za ku Kabwata, ndipo pakona, makutu ali lende, Bwanamkubwa. Kalenga akuti ba Ng'andu anapempha kuti wawo apite payekha pa galimoto yawo, asasakanizidwe. Anawayankha kuti galimoto ndi imodzi.

Charlotte anakwera yekha, osakokedwa. Anamumanga chingwe chomwecho chimene anamangira wa ku Kabulonga. Galimoto isananyamuke anamugunda Bwanamkubwa m'nthiti, iye nkusendera.

Ndinaima pageti mpaka anakhota pa msewu waukulu. Barbara anabwera ndi mpando ndi tiyi wakuda, nkuima kumbuyo kwanga kuti ndisavutike ndi kopenya.

"Ba Tata, kambuzi ka ku Chunga tikakatenge liti?"

Ndinati kadzabwere mwana atabadwa.

Ndinazindikira mawuwo atatuluka kale. Tonse awiri tinayang'ana mapapaya.